Mbiri ya Mfundo ndi Matanga m'Mzinda wa Lusaka

Mlendo amene afika mu Lusaka nthawi yoyamba, akatsika basi nayenda mu mseu wa Cairo, cinenero cimene adzamva kwambiri pakamwa pa ogulitsa malonda ndi pa ana ndico Cinyanja. Dzina limeneli litanthauza cinenero ca anthu a kunyanja. Koma mlendoyo akafunsa kuti nyanjayo iri kuti adzasowa womlozera, pakuti Lusaka ndi mzinda wa pamtunda, wopanda nyanja, wopanda ngakhale mtsinje wakuti munthu nkuyendetsapo bwato. Cinenero cinadza ndi apolisi, ndi asilikali, ndi anthu ofuna nchito ocokera ku Fort Jameson, kumene tsopano kuchedwa Chipata, ndi ku Nyasaland. Koma nyanja anaisiya kwao.

Malo amenewa anayamba kudziwika m'caka ca 1905, pamene omanga njanji yocokera ku Livingstone kunka ku Broken Hill anaikapo kasiteshoni pafupi ndi mudzi wa mfumu Lusaaka. M'caka ca 1935 Boma la Northern Rhodesia linacotsa likulu lace ku Livingstone ndi kulikhazika pamenepo. Dziko lace nlokwera mapazi oposa 4,000 pamwamba pa nyanja yamcere, ndipo pansi pace pali mwala wa laimu umene umeza madzi a mvula ndi kuwabisa m'mapanga. Cifukwa cace anthu oyamba anamwa madzi a m'zitsime ndi a m'mijigo, ndipo mzinda utakula anacita kukoka madzi ndi mipope kucokera ku Kafue, mtunda wa mamailo pafupi 30. Tsono ncodabwitsa kuti mu mzinda wotere munakula anyamata ambirimbiri odziwa kumanga mfundo za amalinyero, namazichula ndi maina ace a pacombo, cikhalirenico sanaonepo thanga liri pa mlongoti. Ena a iwo akamva mau akuti matanga analikuganiza za maungu, pakuti kum'mawa kuli anthu amene amachula maungu motero.

Kumanga ndi cingwe sikunadze ndi Azungu. Makolo analibe misomali, ndipo nyumba, nkhokwe, khola ndi mlatho zonse zinaima ndi luzi. Mnyamata analikutsata atate wace kapena atsibweni ace kuchire kukasenda luzi la mombo, naphunzira kulinyika m'madzi kuti lifewe, kulikulunga pa phaso ndi nsici, ndi kutsomeka nsonga yace pansi kuti likauma ligwire ngati citsulo. Ku ubusa anaphunzira kupota cingwe pa nchafu ndi kuchera khwekhwe la nkhwali. Asungwana anaphunzira kumanga mtolo wa nkhuni wosamasuka panjira, ndi mfundo ya mbereko imene isunga mwana kumbuyo tsiku lonse mai ali pa mtondo kapena kumunda. Panalibe sukulu ya zimenezi, panalibenso mayeso ena koma awa: denga likagwa ndi mphepo, mudzi wonse unadziwa amene anamanga.

Anthu a kunyanja anali ndi zao zoposa apa. Iwo analikupota ulusi wa bwazi ndi wa mitengo ina naluka nao maukonde, ndipo mwana wa msodzi anadziwa kusoka ukonde wong'ambika asanadziwe kuwerenga. Koma combo cao cinali bwato la mtengo umodzi, loyenda ndi nkhafi. Matanga akuru pa Nyanja ya Nyasa, imene lero ichedwa Nyanja ya Malawi, anaoneka ndi Aswahili, makamaka a Jumbe a ku Nkhotakota, amene kuyambira zaka za m'ma 1840 anapanga zombo za matabwa zoolotsera minyanga ndi akapolo kutsidya la kum'mawa. Motero thanga linayamba kudziwika ndi mbiri yoipa. Pambuyo pace anadza amishoni. Sitima ya Ilala inalowa m'nyanjayo m'caka ca 1875, ndipo a mishoni ya U.M.C.A. atakhazikika pa Likoma anayamba kuphunzitsa anyamata a m'mbali mwa nyanja nchito za m'zombo zao, za nthunzi ndi za matanga zomwe. Nyanja inawaphunzitsanso iwo. Pa 2 September 1895 Chauncy Maples, amene anali atangodzozedwa kumene kukhala Bishopu wa Likoma, anamira pamodzi ndi mnzace Joseph Williams pamene namondwe anagubuduza ngalawa yao ya matanga kummwera kwa nyanjayo. Amalinyero akuda amene anali nao anasambira nafika kumtunda. Sitima imene inapatsidwa dzina lace inayamba kuyenda m'caka ca 1901, ndipo pa zaka zina inali ngati sukulu yoyandama ya aphunzitsi.

Komabe mfundo zimene anyamata a mu Lusaka anaphunzira sizinadzere njira ya ku Likoma. Zinazungulira kutali, kudzera ku England ndi ku South Africa.

Mwini nkhani ndiye Robert Baden-Powell, msilikali Wacingelezi amene anamenya nkhondo ku Matabeleland m'caka ca 1896, nachuka pamene anasunga mudzi wa Mafeking masiku 217 Mabunu atauzinga, m'zaka za 1899 ndi 1900. Pa ubwana wace munthu ameneyu analikuyenda panyanja ndi abale ace m'ngalawa ya matanga, woyendetsa ali mkuru wace Warington, amene anaphunzira nchito ya umalinyero. M'mwezi wa August 1907 Baden-Powell anasonkhanitsa anyamata ngati 20 pa cisumbu ca Brownsea, kummwera kwa England, ena ana a anthu olemera, ena ana a anthu a nchito wamba, nawagawa m'timagulu tinai. Asanafike anawauza kuti ayambe aphunzira mfundo zitatu, ndipo pa cisumbupo anasewera masewera a m'ngalawa. Caka cotsatira anasindikiza buku lace lochedwa Scouting for Boys, ndipo gulu la Masikauti linafalikira msanga koposa umo mwini wace anayembekezera. Nthambi ya Masikauti a panyanja inabadwa posacedwa, ndipo Warington anailembera buku lace m'caka ca 1912. Ici ndico cifukwa cace mayeso oyamba a Sikauti ali yense, ngakhale wokhala pakati pa cipululu, anali ndi mfundo za pacombo.

Caka comweco ca 1912 cinaonetsa kuti kuika ana pamadzi si masewera. Pa 4 August ngalawa ya matanga imene inanyamula Masikauti a ku Walworth, dera la anthu osauka mu London, inagubuduzika ndi mphepo yadzidzidzi pafupi ndi Leysdown, ndipo anyamata 9 anamira. Maliro ao anagwedeza mzinda wonse wa London.

Gululi litafika ku South Africa linakumana ndi cinthu cimene silinacikonzekere. Limodzi la malamulo ace, lacinai, linena za ubale wa Masikauti onse posayang'ana dziko kapena mtundu. Koma Azungu a kumeneko sanafune kuti mwana wakuda abvale yunifomu yofanana ndi ya mwana wao. Tsono amishoni a ku Transvaal anayambitsa gulu lina la anyamata akuda, nalicha Pathfinders, ndiko kunena opeza njira. Ndipo m'caka ca 1925 anayambitsa la asungwana, la Wayfarers. Maphunziro ace anali omwewo, mfundo zomwezo, koma dzina lina. M'caka ca 1936, Baden-Powell atacezera dzikolo, anapangana kuti ma Pathfinder abvomerezedwe kukhala Masikauti, koma m'bungwe lao lapadera. Macitidwe amenewa ndi dzina lomwe zinaoloka Limpopo ndi Zambezi kufikira ku Northern Rhodesia, kumene magulu a anyamata akuda anamera m'masukulu a mishoni, m'masukulu a Boma ndi a ku migodi.

Mu Lusaka tsankho limeneli silinasowe mpando, pakuti mzinda womwe unamangidwa mogawa anthu. Kum'mawa, kumtunda kwa mphepo yabwino, kunali mayadi a Azungu, kumene pambuyo pace kunakula Woodlands ndi Kabulonga. Ndipo ku Kabulonga kunali sukulu ya anyamata a Azungu ya Gilbert Rennie ndi ya asungwana ya Jean Rennie, zochedwa ndi maina a Bwanamkubwa amene analamulira kuyambira 1948 kufikira 1954 ndi mkazi wace. Kumunsi kunali Kabwata, komboni ya tinyumba tozungulira tofolera ndi udzu, timene Boma linamangira amuna a nchito poganiza kuti akazi ndi ana adzatsala kumudzi. Koma akazi anadza, ana anabadwa, ndipo pofika zaka za m'ma 1940 ndi 1950 m'Kabwata, m'Chilenje ndi m'Matero munali ana amene sanawetepo ng'ombe, sanasendepo luzi, ndipo atsibweni ao anali kutali mamailo mazana. Akuru analikudandaula kuti ana a m'tauni ali ndi manja aulesi. Mau amenewa anali osalungama, popeza mwana sangaphunzire kumanga nkhokwe kumene ufa ugulidwa m'sitolo. Kwa ana otere gulu la Pathfinder linalowa m'malo mwa ubusa. Mphunzitsi anali kuwasonkhanitsa madzulo sukulu itaweruka, pabwalo la mpira kapena pansi pa mtengo, ali yense ndi ndodo yace ndi kacingwe ka khonje kotalika ngati mkono umodzi kapena iwiri.

Mfundo zimene mnyamata anayenera kudziwa asanalandire baji yace yoyamba zinali zowerengeka, koma iri yonse inali ndi nchito yaceyace, ndipo mtsogoleri wabwino analikufunsa nchitoyo asanaone zala. Yoyamba inali reef knot, yolumikiza nsonga ziwiri za cingwe cimodzi. Amanga poika nsonga ya kumanja pamwamba pa ya kumanzere, ndipo kaciwiri ya kumanzere pamwamba pa ya kumanja. Ikamangidwa bwino igona yaphwatalala, cifukwa cace ndiyo imangira bandeji pa cironda osapweteka wodwala. Ndipo amalinyero amangira nayo mbali ya thanga pamene alicepetsa mphepo ikakula, ndiko kumene inatenga dzina lace. Mnyamata akaiwala kutembenuza kaciwiriko, ituruka mfundo yopotoka imene ipulumuka ikakokedwa kapena kukanika kumasuka, ndipo Angelezi aicha mfundo ya agogo. Dzina limeneli ncipongwe cacabe kwa agogo a m'dziko muno, amene mitolo yao ya nkhuni siimasuka panjira. Koma reef knot iri ndi ciwembu cace: munthu akalumikiza nayo zingwe ziwiri zosiyana kunenepa napacikapo katundu wolemera, imasuka mosacenjeza.

Pa nchito imeneyo pali sheet bend. Mau akuti sheet pano satanthauza nsaru, koma cingwe cimene woyendetsa ngalawa agwira pokoka kapena kulekerera thanga. Apinda cingwe cacikuru ngati ndowe, nalowetsa cacing'ono m'ndowemo, nacizunguliza kumbuyo, ndi kucipisa pansi pa ico comwe. Pamenepa pali cinthu cimene mabuku a masiku aja sanauze anyamata. Mfundo imeneyi ndiyo yomwe oluka maukonde amanga pa diso liri lonse la ukonde. Tsono mwana wa msodzi wa ku Nkhotakota kapena wa ku Luapula amene atate wace anadza ku Lusaka kudzagwira nchito, analikulephera mayeso cifukwa ca kusachula bwino dzina Lacingelezi la mfundo imene agogo ace anamanga kambirimbiri tsiku liri lonse. Ici cinali colakwa cacikuru ca maphunzirowo. Anapatsa mwana cinthu ca kwao ngati cacilendo, ndipo mwanayo anakula naganiza kuti nzeru ya cingwe inadza ndi sitima.

Yacitatu inali clove hitch, yomangira cingwe ku mtengo kapena ku cikhomo: akulunga kawiri mopingasa ndi kupisa nsonga pansi pa kukulunga kwaciwiri. Ndiyo iyamba nchito yomanga mitengo iwiri pamodzi, ndipo ndi iyo anyamata analikumanga milatho ndi nsanja pa masiku a cionetsero, makolo alikuyang'ana. Panali sheepshank, yofupikitsa cingwe osacidula, pakuti cingwe cinali ca mtengo wapatali ndipo wocidula analikudzudzulidwa. Anaphunziranso kukulunga nsonga ya cingwe ndi ulusi kuti isamasuke.

Koma mfumu ya zonse inali bowline. Mwana wa kumudzi adziwa khwekhwe, limene likakokedwa lithina kufikira nyama yafa. Bowline ndiyo mdani wa khwekhwe: ipanga goba limene silithina, silikulanso, ngakhale akoke amuna khumi, ndipo nchito ikatha imasuka mosabvuta. Cifukwa cace ndiyo amanga m'cifuwa ca munthu wogwa m'citsime kapena wokokoloka ndi madzi. Womanga apinda kadiso kakang'ono pa cingwe, naturutsa nsonga m'kadisomo kucokera pansi, naizunguliza kuseri kwa cingwe cacikuru, ndi kuibweza m'kadiso momwemo. Atsogoleri ena analikuyesa anyamata kuimanga atatsinzina, kapena ndi dzanja limodzi, ponena kuti tsiku limene idzafunika kudzakhala mdima ndipo dzanja linalo lidzakhala litagwira mwala. Mwa zonse zimene gululo linaphunzitsa, kuguba ndi kuimba ndi kukweza mbendera, ici ndico cinali cosatsutsika phindu lace.

Ambiri a atsogoleri akuda anali aphunzitsi acinyamata. Mmodzi wa iwo ndiye Kenneth Kaunda, amene anaphunzira pa sukulu ya Munali mu Lusaka, sukulu yoyamba ya sekondale ya Boma ya ana akuda, yotsegulidwa m'caka ca 1939. M'caka ca 1948, ali pa nchito ku Mufulira, iye analikutsogolera gulu la Pathfinder. Boma la masiku aja linakonda Masikauti poganiza kuti adzaphunzitsa ana kumvera. Koma mnyamata amene waloweza lamulo la ubale sacedwa kufunsa cifukwa cace mbale waceyo agula nyama pakhomo la buchala pamene iye agulira pa zenera. Misonkhano yaikuru inacitika, wina ku Nkana m'caka ca 1952, wina ku Ruwa pafupi ndi Salisbury m'caka ca 1959, kumene kunafika Masikauti a maiko ozungulira. Pang'onopang'ono dzina la Pathfinder linasiyidwa. Dziko linalandira ufulu pa 24 October 1964, ndipo m'caka ca 1965 bungwe la Masikauti a Zambia linalandiridwa m'bungwe la Masikauti a dziko lonse lapansi. Baden-Powell sanaone zimenezi. Anamwalira ku Nyeri, m'dziko la Kenya, m'caka ca 1941.

Mbiri ya matanga njaifupi, popeza cingwe cipezeka pali ponse koma ngalawa ifuna madzi ndi ndalama. Madzi oyamba oyenera matanga m'mbali mwa njanji anali madamu a migodi. Damu la Mulungushi, pafupi ndi Broken Hill, linatsegulidwa m'caka ca 1925 kuti lipatse mgodi magetsi, ndipo pambuyo pace panakhala kalabu ya ngalawa. Ku Kitwe kunali ina pa damu la Mindolo. Amenewa anali makalabu a Azungu. Mwana wa ku Woodlands akatha kupita kumeneko pa galimoto ya atate wace Loweruka, koma munthu wakuda analikulowako monga wanchito, wopaka utoto ndi wokokera ngalawa kumtunda.

Kusintha kwakukuru kunadza ndi Kariba. Khoma lace, lotalika mapazi 420, linatseka Zambezi kumapeto kwa caka ca 1958, ndipo linatsegulidwa mwa mwambo m'mwezi wa May 1960. Madzi anasefukira mamailo oposa 170, namiza minda ndi manda a Atonga a ku Gwembe. Anthu ngati 57,000 a mbali zonse ziwiri za mtsinje anasamutsidwa. Anthu amenewa anadziwa mtsinje, koma nyanja ya mafunde sanaidziwe, ndipo mabwato ao sanapangidwire madzi otere. Tsono kuciyambi kwa zaka za m'ma 1960 Boma linatsegula sukulu ya usodzi pa Sinazongwe, kumene amuna ndi anyamata anaphunzira kukonza maukonde ndi kuyendetsa ngalawa za matabwa. Kumeneko mfundo sinali ya baji koma ya cakudya. Kwa anthu a mu Lusaka nyanja inafika pafupi, pakuti Siavonga ali pa mtunda wa mamailo ngati 120. Komabe mamailo 120 ngambiri kwa mwana amene atate wace alibe ngakhale njinga.

Njira ina inadzeranso ku Britain. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, pamene zombo zamalonda zinalikumizidwa ndi Ajeremani, Lawrence Holt, mmodzi wa eni zombo za Blue Funnel Line, anaona kuti m'timabwato topulumukira amalinyero acinyamata analikufa msanga koposa acikulire amene anakulira m'zombo za matanga. Iye anaganiza kuti anyamatawo sanasowe mphamvu, koma sanakumanepo ndi zowawa, ndipo analikutaya mtima. Anagwirizana ndi Kurt Hahn, mphunzitsi wocokera ku Germany amene anathawa Hitler nayambitsa sukulu ya Gordonstoun ku Scotland, ndipo m'caka ca 1941 anatsegula sukulu pa Aberdovey, ku Wales, naicha Outward Bound, mau amene amalinyero anena za combo coturuka padooko kunka kunyanja yaikuru. Anyamata analikukhalako pafupi mwezi umodzi, kuyendetsa ngalawa, kukwera mapiri ndi kuphunzira kupulumutsa anzao. Nkhondo itatha masukulu otere anafalikira, ku Loitokitok m'dziko la Kenya, ku Melsetter m'dziko la Southern Rhodesia. Ndipo m'zaka za m'ma 1960 inatsegulidwa Outward Bound Lake School ku Abercorn, kumene tsopano kuchedwa Mbala, kufupi ndi Nyanja ya Tanganyika ndi mathithi a Kalambo. Imeneyi ndiyo inali sukulu ya m'dziko la Zambia imene dzina lace lomwe linachula nyanja. Koma kucokera ku Lusaka kunali mamailo oposa 600 pa mseu wopita kumpoto, ndipo amene anafikako anali owerengeka poyerekeza ndi unyinji wa anyamata a m'makomboni.

Kuyenera kufotokoza pang'ono cimene mwana aphunzira akakwera ngalawa ya thanga, pakuti ambiri aganiza kuti mphepo ingokankha combo kumbuyo monga ikankha tsamba louma. Kukadakhala tero, munthu akadapita kumene mphepo ifuna basi, osabwerera. Koma thanga likakokedwa ndi cingwe cace kuti liime mopendeka, mphepo iyenda mbali zonse ziwiri za nsaru yokhotayo ndi kuikokera kutsogolo ndi kumbali. Pansi pa ngalawa pali thabwa lopyapyala lotsikira m'madzi, limene likana kuti ngalawa itsetserekere kumbali. Motero mphamvu yotsala ndiyo ya kutsogolo. Ngalawa siingalunjike kumene mphepo icokera, koma ikhoza kuyenda mopendekera kumeneko. Tsono woyendetsa apita kumanja pang'ono, natembenuka, napita kumanzere, monga munthu akwera phiri lotsetsereka mokhotakhota. Dzanja limodzi ligwira tsigiro, lina ligwira cingwe ca thanga, ndipo cingwe cimeneci saloledwa kucimanga mfundo, kuti mphepo ikaomba mwadzidzidzi acilekerere thanga likhuthule mphepo. Ndi cinthu cacilendo kwa Sikauti wa pamtunda, amene waphunzira zaka zitatu kumanga, kuuzidwa kuti cingwe cofunika koposa ndico cosamangidwa. Aphunzitsi abwino ayamba ndi kusambira, ndipo tsiku loyamba agubuduza ngalawa dala pa madzi osaya, kuti mwana adziwe kuigwiritsa, kuimirira pa thabwa lija ndi kuiutsa. M'maiko ambiri ana ayambira pa kangalawa kochedwa Optimist, kosafika mapazi 8, kamene Clark Mills wa ku Florida anakonza m'caka ca 1947 kuti kapangidwe ndi matabwa ocipa. Palibe kanthu m'kangalawa kameneko kamene mmisiri wa matabwa wa ku Kabwata akadalephera kupanga. Cimene cinasowa ndi madzi apafupi ndi munthu wakuti ayambe.

Ufulu utafika, zitseko za tsankho zinatseguka. Masukulu a Rennie anasanduka Kabulonga Boys ndi Kabulonga Girls, ndipo ana akuda analowamo. Akuru a Boma latsopano anasamukira ku Woodlands ndi ku Kabulonga, ndipo kum'mawa, kupitirira Munali pa mseu wopita ku Chipata, kunakula Chelstone. Tinyumba tozungulira ta ku Kabwata tinagwetsedwa m'zaka za m'ma 1970, kupatula 43 timene tinasungidwa kukhala mudzi wa amisiri a zosemasema. Makalabu a ngalawa sanafunsenso khungu la munthu, koma anafunsa thumba lace, ndipo pamene mtengo wa mkuwa unagwa m'caka ca 1975 matumba a anthu ambiri anaphwa pamodzi ndi la Boma. Motero matanga anakhalabe cinthu ca ocepa, pamene mfundo zinapitirira m'masukulu ndi m'machalichi, mwa Masikauti, mwa ma Girl Guides, mwa a Boys' Brigade, ndi m'magulu a acinyamata a mpingo wa Seventh-day Adventist, amene nawonso achedwa Pathfinders ngakhale ciyambi cao ncina.

Pali madzi amodzi amene Lusaka anadzipangira yekha. Mwala wa laimu uja unakumbidwa zaka zambiri kuti amangire mzinda, ndipo maenje ace anasiyidwa osakwirira, makamaka kummwera ndi kumadzulo, kumene kunamera makomboni monga Misisi ndi Kanyama. Mvula ikagwa, kuyambira December kufikira March, madzi a pansi akwera nadzaza maenjewo, ena akuya koposa msinkhu wa nyumba, m'mbali mwace muli mwala woterera wosagwirika. Ana amene sanaphunzire kusambira apita kumeneko kukasewera ndi kukawedza, ndipo nyuzi za mu mzinda zalemba kawirikawiri za ana omira m'menemo. Mabuku akale a Masikauti analangiza kuti wopulumutsa asayambe ndi kudziponya m'madzi, popeza womira agwira ndi mphamvu ya mantha namiza ndi mnzace yemwe. Anati aime pamtunda, amange goba la bowline ku nsonga ya cingwe, akulunge cingweco m'dzanja lamanzere mosapiringiza, aponde nsonga inayo ndi phazi, ndipo aponye kupitirira mutu wa womirayo, kuti cingwe cigwe pa phewa pace.